Kodi dzina la sukulu limabweza ngongole?

Wachinyamata akagwira ntchito zaka zitatu kapena zinayi m'banki, ku inshuwalansi kapena ku kampani yosunga ndalama za penshoni, amayamba kuona kuti digiri yake yoyamba yamufikitsa pamene inayenera kumufikitsa. Anzake amene akukwezedwa paudindo ali ndi zilembo zina pambuyo pa dzina: MBA, CFA, ACCA, CA. Akangotchula kuti naye akufuna kubwerera kusukulu, alangizi amagawanika pawiri, ndipo onsewo amakhala omufunira zabwino. Ena amati alimbe mtima, alembe mayeso a GMAT, afunsire malo ku London Business School, ku INSEAD kapena ku Wharton, chifukwa pa ntchito ya zachuma dzina la sukulu ndilo limatsegula zitseko. Ena amati asasiye ntchito ili m'manja. Aphunzire kuno komwe madzulo ndi Loweruka, alembe mayeso a ukatswiri, ndalama zake zikhale m'thumba. Nkhaniyi ikukhudza ndalama zambiri ndi zaka za moyo wa munthu, choncho siyenera kugamulidwa ndi amene wakweza mawu kuposa mnzake.

Tiyambe ndi okhulupirira dzina, pakuti zimene amanena si za m'maluwa. Mabanki akuluakulu monga Goldman Sachs, JPMorgan ndi Morgan Stanley sadalira kulengeza ntchito m'nyuzipepala n'kumadikira makalata. Ali ndi masukulu ochepa amene amapitako okha chaka ndi chaka. Ku America, kumene MBA imatenga zaka ziwiri, wophunzira amalowa m'kalasi mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo pasanathe miyezi iwiri anthu a mabankiwa amakhala atafika kale pasukulupo, akuchititsa misonkhano, akumwa khofi ndi ophunzira, akusunga mayina a amene awasangalatsa. Mafunso a ntchito amachitika cha kumapeto kwa chakacho ndi kumayambiriro kwa chinacho. Opambana amakagwira ntchito yoyeserera kwa masabata pafupifupi khumi pa tchuthi chachikulu, ndipo akakondweretsa mabwana amabwerera kukamaliza chaka chachiwiri kalata ya ntchito ili kale m'manja. Munthu amene sali pa masukulu amenewa, ngakhale mutu wake uthwe chotani, mzere umenewu umamudutsa patali. Ndiye amati wolipira ku Wharton ku Philadelphia, ku Columbia kapena ku Stern mumzinda wa New York, kapenanso ku Booth ku Chicago, chachikulu chimene akugula ndi mpando m'chipinda chimene olemba ntchito amalowamo. Mabuku ndi omwewo paliponse.

Amanenanso za anzako a m'kalasi. Ntchito ya zachuma imayenda ndi kukhulupirirana, chifukwa munthu akukupatsa ndalama za anthu ena kuti uziyendetse. Amene unkachezera naye usiku mukukonza ntchito ya m'gulu, pakatha zaka khumi amakhala akuyendetsa thumba la ndalama ku Lagos, ku Dubai kapena ku Singapore, ndipo ukamuimbira foni amayankha. INSEAD, imene ili ndi masukulu ku Fontainebleau ku France ndi ku Singapore, imadziwika ndi kusakaniza ophunzira ochokera m'mayiko ambirimbiri m'kalasi imodzi. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Ndirande, amene bambo ake alibe mnzawo wodziwika m'bwalo lililonse la mabwana, angapeze kuti anthu oterewa ngati si kusukulu yotere?

Mfundo yawo yachitatu ndi imene ndimaiona yolemera koposa. Msika wathu ndi waung'ono. Malawi Stock Exchange inakhazikitsidwa mu 1994, kampani yoyamba kugulitsa masheya pamenepo inali NICO mu 1996, ndipo mpaka lero makampani a pamsikawo sanafike 20. Ku Johannesburg alipo mazanamazana. Wofuna kudziwa mmene kampani imagulira kampani inzake, mmene dziko limabwerekera ndalama pa misika ya ku London, kapena mmene amasonkhanitsira mpamba womangira malo opangira magetsi kuchokera kwa obwereketsa asanu osiyana, kuno zinthu zoterezi adzaziona mwa apo ndi apo. Ndipo zikabwera, nthawi zambiri alangizi amachokera kunja, n'kulipidwa madola. Okhulupirira dzina amafunsa kuti: tidzasiya liti kubwereka akatswiri ngati ana athu omwe tikuwauza kuti asapite kukaphunzira kumene zinthuzo zimachitikira? Mabungwe monga IFC, African Development Bank ku Abidjan ndi Afreximbank ku Cairo amalandira makalata ochokera ku Africa yonse, ndipo pa mulu wotero dzina la sukulu lodziwika limathandiza kuti kalata yako iwerengedwe mpaka pamapeto.

Tsono a mbali inayo sayankha ndi mawu ambiri. Amatenga cholembera n'kuyamba kuwerengera. MBA ya zaka ziwiri pa masukulu apamwamba a ku America, mukaphatikiza fizi, nyumba, chakudya ndi inshuwalansi ya chipatala, imapitirira madola 200,000. Ku London Business School fizi yokha ndi yoposa mapaundi 100,000. Pamwamba pa izi pali malipiro a zaka ziwiri amene munthu wawasiya, ndipo kwathu kuno malipiro a wogwira ntchito m'banki sadyedwa ndi iye yekha: pali fizi ya azing'ono ake, feteleza wa amayi kumudzi, mankhwala a agogo. Iye akanyamuka, khomo lonse limanyamuka naye m'ngongolemo.

Koma chimene amachikhomerera kwambiri ndi mtundu wa ndalama. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze munthu amene anabwerera kuno ali ndi ngongole ya sukulu ya madola 50,000, yomwe pa masukulu amenewa ndi yochepa ndithu. Dzulo lake ngongoleyo inali K59 miliyoni. M'mawa mwake inali K85 miliyoni. Sanabwereke khobidi lina lililonse, sanaphonye kubweza mwezi ndi umodzi womwe, malipiro ake ndi omwe aja, koma wadzuka atasenza K26 miliyoni yoonjezera. Ndipo uwu ndi mtengo wa kubanki, kumene madolawo sapezeka msanga: munthu amadzaza mafomu, amapereka kalata ya sukulu kapena ya obwereketsa, n'kumapita kukafunsa sabata ndi sabata ngati pempho lake lafikiridwa, uku chiwongoladzanja chikuyenda. Phunziro loyamba limene wophunzira zachuma aliyense amalandira ndi lakuti usabwereke m'ndalama ina pamene phindu lako likubwera m'ndalama ina. Ndiye amafunsa kuti: munthu ayambe ntchito ya zachuma pophwanya lamulo loyambirira la ntchitoyo?

Okhulupirira dzina amayankha kuti ngongole ya madola imabwezedwa ndi malipiro a madola. Munthuyo agwire ntchito konko zaka zingapo, abwere atamasuka. Yankholi likanakhala lokwanira chikhala kuti chilolezo chogwirira ntchito chimaperekedwa ndi sukulu. Ku America viza ya H-1B, imene ambiri amadalira akatha nthawi yochepa yololedwa kugwira ntchito pambuyo pa sukulu, ili ndi malire a 85,000 pa chaka, ndipo ofunsira amaposa pamenepo kwambiri moti pamachitika maere. Ku Britain viza yolola omaliza maphunziro kukhala zaka ziwiri inayamba mu 2021, koma mu 2025 boma linalengeza zoifupikitsa kufika miyezi 18. Kuyambira Januwale 2024 ophunzira ambiri a digiri yachiwiri ya m'kalasi saloledwanso kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Malamulowa amasintha ndi ndale za eni dziko, ndipo amatha kusintha munthu ali pakati pa maphunziro. Ngongole ndiye sisintha.

Palinso nkhani ya mndandanda wa masukulu opambana, umene achinyamata ambiri amayambira pofuna sukulu. Mndandanda wa nyuzipepala ya Financial Times, umene ndi wotchuka kwambiri, umadalira kwambiri malipiro amene ophunzira akale akulandira patatha zaka zitatu chimalizireni. Chiwerengero chimenecho ndi cha kalasi yonse, ndipo ambiri m'kalasimo ali ndi mapasipoti owalola kugwira ntchito kumeneko popanda kupempha wina. Sichikuuza chimene chinachitikira munthu wa pasipoti ngati yako. Akatswiri awiri a zachuma, Stacy Dale ndi Alan Krueger, anafufuza funso lofanana ndi ili pa makoleji a ku America, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anapeza kuti ophunzira amene anapatsidwa malo pa makoleji ovuta kulowa koma n'kusankha kupita kwina, pambuyo pake ankalandira ndalama zofanana ndithu ndi anzawo amene anapita ku makoleji otchukawo. Kunena kwina, mbali yaikulu ya chimene timachitcha mphamvu ya sukulu ndi mphamvu ya anthu amene sukuluyo imasankha. Komabe kafukufuku yemweyu ali ndi mchira umene okhulupirira dzina amaugwiritsa: ana ochokera m'mabanja osauka ndiwo anapindula ndithu popita ku makoleji otchukawo. Kafukufukuyu anali wa digiri yoyamba, osati wa masukulu a bizinesi, koma mbali zonse ziwiri zili ndi ufulu womutchula.

Ine ndikuona kuti mkanganowu umasokonekera pa mawu akuti ntchito ya zachuma, ngati kuti ndi ntchito imodzi. Wogulitsa mabondi ku Canary Wharf mumzinda wa London ndi woyesa ngongole ku Lilongwe onse ali m'zachuma, koma zimene ayenera kudziwa n'zosiyana kutali. Taganizirani fayilo imene ili patebulo la woyesa ngongoleyo. Wamalonda wogula soya ndi mtedza ku Mchinji akufuna ndalama zogulira mbewu nthawi yokolola. Mabuku ake ndi osakwanira, malonda ena amachita ndi ndalama za pamanja, ena amadutsa pa Airtel Money ndi Mpamba. Chikole chake ndi nyumba imene mapepala ake akadali m'dzina la malemu bambo ake. Chiwongoladzanja n'chokwera, poti mu 2024 Banki Yaikulu inakweza chake kufika pa 26 peresenti ndipo mabanki amaonjezera pamenepo. Funso ndi lakuti: mtengo wa soya ukatsika, kapena boma likaletsa kugulitsa kunja, kapena mvula ikadula mu Febuluwale, munthuyu abweza? Yankho lake limafuna kudziwa kuwerenga mabuku a kampani, inde, komanso kudziwa Mchinji, kudziwa malamulo a malo, kudziwa mmene amalonda amachitira zinthu zikathina. Zimenezi sizili m'kalasi ya ku Fontainebleau. Amazidziwa ndi amene wakhala pa desikiyo nyengo zingapo zokolola.

Ntchito za mtundu umenewu ndi zimene zilipo zambiri kuno, ndipo si zazing'ono. Chiyambireni lamulo la penshoni la 2011, limene linakakamiza olemba ntchito kupereka 10 peresenti ndi wantchito 5 peresenti ya malipiro, ndalama za penshoni zakhala zikuunjikana mwezi ndi mwezi, ndipo pafunika anthu odziwa kuziika pamalo oti zisadyedwe ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mabanki monga National Bank, Standard Bank, FDH, NBS ndi First Capital amafuna anthu a ngongole, a ndalama zakunja, oyang'anira zoopsa, owerengera. Mabwana ambiri a m'malo amenewa anadutsa ku Polytechnic, imene kuyambira 2021 ndi MUBAS, ku Chancellor College ku Zomba kapena ku Malawi College of Accountancy, kenaka n'kuonjezera mayeso a ICAM, ACCA kapena CFA. Ngati mfundo ndi yakuti sukulu yabwino ndi imene olemba ntchito amaidziwa ndipo anzako a m'kalasi amadzakhala mabwana, ndiye kwa wofuna ntchito ku Blantyre sukulu imeneyo ili pa Chichiri ndi pa Ginnery Corner. Mfundo ya okhulupirira dzina ija, ukaitsatira mpaka pamapeto, imatha kukubwezera kwanu.

Mayeso a ukatswiri ndiwo chida chachikulu cha a mbali yachiwiriyi. CFA ili ndi magawo atatu, ndipo wolemba ku Africa amalemba mayeso omwewo amene akulemba mnzake wa ku New York, n'kuyesedwa ndi muyezo umodzi. Munthu akapambana gawo lililonse ulendo woyamba, ndalama zolembetsera zonse sizifika madola 5,000. ACCA nayo imadziwika m'mayiko ambiri, ndipo imafuna zaka zitatu za ntchito yeniyeni munthu asanatchedwe membala. Zonsezi munthu amachita malipiro akulowabe. Apa akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Koma njirayi isakometsedwe mopyola. Eni mayeso a CFA amalangiza maola pafupifupi 300 owerenga pa gawo lililonse, ndipo pa gawo loyamba opambana kawirikawiri safika theka la olemba. Maola amenewo munthu amawapeza ataweruka, atalimbana ndi minibasi, nthawi zina magetsi atazima, ali yekha ndi buku. Fizi yake nayo ndi ya madola kapena mapaundi, ndiye mzere wa kubanki uja sauthawa. Chinanso, CFA imaphunzitsa kuyeza mtengo wa chuma, koma siphunzitsa kutsogolera anthu, siikupatsa anzako, ndipo siitengera munthu ku mafunso a ntchito. Wofuna kusintha ntchito kotheratu, tinene injiniya wofuna kulowa m'zachuma, MBA imamuthandiza m'njira imene mayesowa sangathe.

Masukulu athu nawo asamangotetezedwa chifukwa ndi athu. Ena amaphunzitsa zachuma pa bolodi pokha, wophunzira n'kumaliza asanamangepo yekha pa kompyuta chiwerengero cha mmene ndalama za kampani zidzayendere zaka zisanu zikubwerazo. Ofesi yothandiza omaliza maphunziro kupeza ntchito, imene kunja ndiyo mtima wa sukulu ya bizinesi, kuno m'malo ambiri ndi yofooka kapena kulibe. Ndipo chifukwa cha ludzu la zilembo zitatuzi, pabuka ma MBA ogulitsidwa pa intaneti ndi m'timaofesi ta m'tauni amene phindu lake ndi chithunzi cha mkanjo basi. Wofuna kuphunzira kuno ayambe wafunsa ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo komanso maphunzirowo ndi ovomerezeka. Wa kunja ayang'ane ngati sukuluyo ili ndi chivomerezo cha AACSB, EQUIS kapena AMBA. Izi sizitsimikiza kuti sukulu ndi yapamwamba, koma zimachotsa achinyengo.

Pali njira ina yapakati imene mbali zonse ziwiri zimaiiwala zikatenthedwa. GIBS, ya University of Pretoria, ili ku Illovo pafupi ndi Sandton, kumene kuli msika wa masheya wa Johannesburg ndi malikulu a makampani ambiri azachuma. Wits Business School ili ku Parktown. Graduate School of Business ya University of Cape Town ndi Stellenbosch Business School zili ndi digiri yachiwiri yapadera ya zachuma cha chitukuko, imene imakamba za mavuto ofanana ndi athu: ngongole za alimi, zomangamanga, ndalama za makampani ang'onoang'ono. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi London kapena New York, ndipo maphunziro ena amakonzedwa moti munthu amapita masiku angapo n'kubwerera kuntchito. Standard Bank ndi Old Mutual, amene akulemba ntchito kuno, mizu yawo ili komweko, ndiye masukuluwa amawadziwa bwino. Randi nayo ndi ndalama yakunja, ndipo chilolezo cha ntchito ku South Africa si chapafupi, koma munthu akagwa sagwa kuchokera pamwamba kwambiri.

Maganizo anga apendekera kwa owerengera aja, ngakhale sindigwirizana ndi ena mwa iwo amene amanyoza aliyense wolota za kunja. Dzina la sukulu lili ndi mphamvu, koma mphamvuyo imagwira pa zitseko zina zokha. Wofunadi ntchito ya mabanki akuluakulu a ku London kapena New York, adziwe kuti njira yake ndi yopapatiza ndipo imadutsa pa masukulu ochepa aja. Kupita ku sukulu yakunja ya pakatikati, yodula koma yosafikiridwa ndi olemba ntchitowo, ndiko kutaya kwenikweni, chifukwa walipira mtengo wa dzina popanda dzinalo. Ndipo ngakhale wapeza malo pa sukulu yapamwamba, ndimati apite ngati mbali yaikulu ya ndalamazo ikulipidwa ndi ena: sukuluyo, kampani yake, kapena thandizo monga la Chevening. Chevening ndi ya boma la Britain, imalipirira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, imafuna kuti munthu abwerere kwawo kwa zaka ziwiri, ndipo pa MBA ili ndi malire a fizi imene imalipira, choncho ambiri ofuna zachuma zimawayendera bwino akasankha MSc ya zachuma. Koma kugulitsa puloti ya banja, kapena kusainira ngongole ya madola pa chiyembekezo cha viza ya maere, zimenezo sindingamulangize mwana wa munthu aliyense.

Wosankha kukhala kuno naye asaone ngati wasankha zopepuka. Ayenera kudzipezera yekha zimene mnzake wa kunja akupatsidwa ndi sukulu: atenge malipoti a pachaka a makampani a pamsika wathu wa masheya, poti amasindikizidwa poyera, aziwerenge mpaka adziwe kumene phindu la banki likuchokera, kaya ndi kubwereketsa amalonda kapena kubwereketsa boma, aphunzire kumanga ziwerengero pa Excel, apemphe kusamutsidwira ku dipatimenti imene kuli ntchito yovuta. Akadzafuna MBA ali ndi zaka khumi za ntchito, mwina kampani idzamulipirira, ndipo adzalowa m'kalasi akudziwa chimene wabwerera.

Asanalipire ngakhale ndalama ya fomu, wofunsira malo alembere sukuluyo, ya kuno kapena ya kunja, n'kufunsa kuti mwa omaliza chaka chatha ndi angati analowa ntchito ya zachuma, ku makampani ati, m'mizinda iti. Ngati ndi ya kunja, afunsenso za ochokera ku Africa amene ankafunika viza: angati anatsala pantchito, angati anabwerera, ndipo apemphe kulankhula ndi awiri kapena atatu mwa iwo, kuphatikizapo mmodzi amene zinthu sizinamuyendere. Sukulu imene ikupempha madola 100,000 ili ndi mayankho a mafunso amenewa m'mabuku ake. Ikazemba kuyankha, wofunsayo asatumize ndalama.